Demis Roussos: mawu a Chigiriki omwe anakulira ku Africa

Takulandirani abale anga! Musanakhazikike n'komwe, dinani subscribe. Lero tikukamba za bambo uja wa ndevu zambiri, wovala mikanjo yayitali, wa mawu okwera onjenjemera: Demis Roussos.

Zodziwika kale tizithamangire. Choyamba, anatchuka mu gulu la Aphrodite's Child, iye akuimba ndi kuliza gitala ya bass, Vangelis ali pa kiyibodi. Mu 1968, ali ku Paris, anatulutsa nyimbo ya Rain and Tears. Chachiwiri, atayamba kuimba payekha anabwera ndi Forever and Ever, yomwe mu 1976 inafika pa nambala wani ku Britain.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalapo nthawi. Anthu ambiri amati Roussos ndi mwana wa ku Athens, anabadwira komweko, mawu akewo n'ngochokera m'mapiri a ku Greece. Ayi ndithu! Anabadwa pa 15 June 1946 ku Alexandria, ku Egypt. Africa yathu yomwe ino! Makolo ake anali a Chigiriki, inde, koma pa nthawi imeneyo Agiriki ku Alexandria analipo ambiri, ali ndi masukulu ndi matchalitchi awoawo. Ali mwana ankaimba m'kwaya ya tchalitchi cha Orthodox mumzindamo, kunja akumva nyimbo za Chiarabu m'misewu. Ndiye mukamvetsera momwe amakokera liwu limodzi, kulipinda pang'onopang'ono mpaka tsitsi kukuimirirani, mukumva Alexandria. Komanso likulu la Orthodox la ku Alexandria limayang'anira Africa yonse, ngakhale Malawi. Banja lawo linataya chuma pa mavuto a Suez a 1956 (nkhondo yolimbirana ngalande ya Suez ku Egypt), n'chifukwa chake anasamukira ku Greece, iye ali kale mnyamata wachisodzera. Zimandipweteka anthu akamafufuta mbali imeneyi ngati ilibe ntchito. Amene mumadziwa kale zimenezi, lembani mu comment, ndikufuna ndikuwerengeni.

Chachinayi, mu June 1985 anali m'ndege ya TWA 847 yochoka ku Athens kupita ku Rome, yomwe inabedwa ndi zigawenga. Tsiku lake lokwanitsa zaka 39 linamupeza ali m'manja mwawo, ndipo anamumasula ku Beirut patadutsa masiku ochepa.

Anamwalira ku Athens pa 25 January 2015 ali ndi zaka 68. Vidiyo ikubwerayi tikamba za Vangelis, ndiye dinani kabelu kaja musaphonye.