Kodi mowa uli m'magazi? Zimene mapasa a ku Missouri akutiphunzitsa

Zikomo amayi ndi abambo, khalani pansi. Mtsikana akayamba mowa kapena fodya timakonda kunena kuti, "Zili m'magazi, atate ake analinso choncho." Lero ndikufuna tiwaunike mawu amenewa, ndipo tipita ku America.

Ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, akatswiri akhala akutsatira atsikana amapasa obadwira m'chigawo cha Missouri pakati pa 1975 ndi 1985, akuda ndi azungu omwe. Chifukwa chiyani mapasa? Mapasa ofanana amakhala ndi chibadwa chimodzimodzi, pomwe osafanana amagawana pafupifupi theka lokha, koma onse amakulira m'nyumba imodzi, kudya mbale imodzi. Ofanana aja akamafanananso pa msinkhu woyambira kumwa kuposa osafanana, timadziwa kuti chibadwa chaikapo dzanja.

Chaikapo ndithu, sindikukana. Mwa anthu ena ochokera ku Africa muli jini, kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo, yotchedwa ADH1B*3 imene imafulumizitsa kugayika kwa mowa m'chiwindi. Palinso jini ya CYP2A6, yogaya nikotini wa m'fodya, imene mwa akuda ambiri imagwira ntchito pang'onopang'ono kusiyana ndi azungu.

Koma mvetsetsani apa. Kafukufuku wa mapasa m'maiko ambiri akusonyeza kuti chibadwa chimalimba kwambiri munthu atayamba kale, pa nkhani yoti akodwa ndi chizolowezicho kapena ayi. Pa uchidakwa chimafika pafupifupi theka. Kulawa koyamba kuja kumadalira kwambiri pakhomo, anzake, ndi zimene zikugulitsidwa pafupi. Atsikana akuda a ku America amayamba kumwa mochedwerapo kusiyana ndi anzawo achizungu, ndipo tchalitchi ndi kuyang'anira kwa makolo zimatchulidwa kawirikawiri kuti zimathandiza. Ine zimandiwawa kuti nkhani yabwinoyi sikambidwa. Akuda amangotchulidwa pakakhala vuto.

Za fodya ndiye zimandikwiyitsa. Mwa akuda osuta ku America, oposa 80 pa 100 amasuta ndudu za menthol, zoziziritsa pakhosi, zosatsokomoletsa woyamba kumene. Makampani anazitsatsa dala m'madera a anthu akuda kwa zaka makumi angapo. Amenewotu si magazi, ndi malonda.

Mayi kumbuyoko mwafunsa ngati msinkhu woyambira kumwa uli ndi kanthu. Kafukufuku wa ku America wa 1997 anapeza kuti oyamba kumwa asanafike zaka 15, oposa 40 pa 100 anadzakodwa ndi mowa. Oyamba atakwanitsa zaka 21, pafupifupi 10 pa 100 okha.