Njutanibe pamalo panu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ndi Akolose 3:23, aja timawadziwa tonse, chilichonse mukachichita gwirani ntchito mochokera mumtima, monga kwa Ambuye osati kwa anthu ayi. Musachoke pamalo panu. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikudziwa alipo wina wadzuka atatsimikiza kuti basi lero ndikasiya, ndipo ineyo sabata ino mtima umenewu unandigwira kwambiri, ntchito ukugwira ndiwe, kufika m'bandakucha kuweruka kutada, koma nthawi yothokoza ikakwana akutchula ena, lako dzina osamveka olo kamodzi.

Ku India kuli katswiri wa cricket dzina lake Mahendra Singh Dhoni, malo ake pabwalo anali kumbuyo, wicket-keeper. Kwa amene simunawonerepo masewerawa, wicket-keeper ndi uja amanjuta kuseri kwa timitengo titatu atavala magolovesi, ngati mmene amanjutira amayi pamafuwa kuseri kwa nyumba tsiku la ukwati ena akuvina kutsogolo. Woponya akamathamanga iye anjute, womenya amenye mpira upite kwina iye adzuke, wina ukubwera anjutenso, tsiku lonse padzuwa, ndipo pa Test match zimatha kufika masiku asanu. Mipira yambiri simufika m'manja nkomwe, anthu akuchemerera womenya, iye mawondo akuwawa. Koma akangoti aaa uwu sundifika ndiwongoke kaye, ndi womwewo umamudutsa.

Dhoni anabadwira ku Ranchi mu 1981, kusukulu anali goloboyi wa mpira wamiyendo, mphunzitsi wa masewera ndiye anamusinthira ku cricket. Kuyambira 2001 mpaka 2003 ankagwira ntchito yowona matikiti pa siteshoni ya sitima ku Kharagpur, tangoganizani, munthu waluso lake kumangoti tiwone tikiti bwana, uku masewera osasiya. Atamutenga mu timu ya dziko mu December 2004 kukasewera ndi Bangladesh itakwana nthawi yake yomenya anatuluka pa mpira woyamba weniweni, zero. Ena a ife pamenepo tikanavula magolovesi nkumati Mulungu wandikana. Iye anabwerera kukanjuta, ndipo mu April 2005 anamenya ma run (mapointi a mu cricket) 148 posewera ndi Pakistan.

Zinazo ambiri amazidziwa, kaputeni amene anatenga T20 World Cup mu 2007 ku Johannesburg, World Cup ya 2011 ku Mumbai India itadikira zaka 28, kenako Champions Trophy mu 2013. Koma ine chimene chandigwira mtima ndi nambala iyi, 195. Ndi ma stumping amene anachita m'masewera a pakati pa mayiko, palibe wina anafikapo. Stumping ndi pamene womenya wangotuluka pamzere pang'ono mpira nkumuphonya, asanabweze phazi wicket-keeper wagwetsa kale timitengo, mwakuphethira kwa diso. Zimenezo sungachite utaima chilili kapena maso ali kwa anthu kuwona ngati akukuwombera m'manja. Ma 195 amenewo anatuluka m'mipira yosawerengeka imene ananjutira osagwira kanthu.

Ndiye mlongo wanga, mchimwene wanga, bwanji mwawongoka? Bwanji mwavula magolovesi chifukwa sanakutchuleni Lamulungu? Ndikunena mwachikondi, inenso mawondo akundiwawa, koma njutanibe. Sindikulalikira Dhoni ayi, ndipo sindikulonjezani kuti mudzanyamula chikho, alipo ma wicket-keeper ambirimbiri amene ananjuta moyo wawo wonse mayina awo sitiwadziwa. Vesi lija nalo silinatchule chikho, lati kwa Ambuye. Iye amawona kuseri kwa timitengo kumene kamera sifika, amawona mpira uliwonse umene munaukonzekera koma sunabwere.

Inu amene mukudwazika matenda usiku wonse achibale osaimba ndi foni yomwe, inu osesa m'tchalitchi anthu asanafike, inu olera ana amasiye, njutanibe lero.

Tipemphere. Atate, limbitsani mawondo athu, ena tatopa ndipo mitima yathu yawawidwa. Chotsani maso athu pa anthu, tipatseni mphamvu ya tsiku la lero. M'dzina la Yesu, Amen.