Makalata a omvera: mwana woloweza nyimbo koma woiwala zilembo

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Malindi. Alemba motere:

"Mwana wanga ali ndi zaka 7 ndipo akubwereza Sitandade 1. Nyimbo akangoimva kamodzi waigwira, za ku madrasa amaloweza kuposa akulu ake. Koma zilembo zomwe taphunzira madzulo, kukacha zauluka. Ndikamutuma mchere ndi machesi ku okala amabwera ndi chimodzi, mwinanso chimanjamanja. Bambo ake akuti ndi mwano ndipo amamukwapula. Apongozi akuti wina anamuchita chipongwe. Nditani?"

Mayi, zikomo potikhulupirira. Bambo a mwanayo ngati akumvera, chonde bambo, chikwapu chikhale pansi. Mwana akagwidwa mantha, ngakhale zomwe amazidziwa zimamuthawa. Mwana wanu alibe mwano ndipo sanalodzedwe. Ubongo susunga zonse m'nkhokwe imodzi. Nyimbo imalowa msanga chifukwa ili ndi kamvekedwe ndipo imabwerezedwabwerezedwa. Kusunga mauthenga awiri m'mutu uku akuyenda ndi ntchito ina, kulumikiza chilembo ndi liwu lake ndi inanso. Mwana atha kukhala katswiri pa china n'kumavutika pa chinzake.

Yambirani kuchipatala, mutenge buku lake la zaumoyo. Kodi anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka? Ana ena opulumuka malungo a muubongo amatsala ndi vuto la kukumbukira, ndiye adokotala muwauze zimenezo. Amuone makutu, makamaka ngati ankatuluka mafinya, chifukwa mwana wosamva bwino amaoneka ngati woiwala. Amuyeze maso ndi magazi. Kuno kunyanja likodzo ndi lofala, ndipo limachepetsa magazi, mwana n'kumangofooka m'kalasi. Muonetsetsenso ngati nthawi zina amangoti duu, maso malo amodzi kwa masekondi ochepa, osayankha mukamuitana. Umenewo utha kukhala mtundu wa khunyu, ndipo mankhwala ake alipo.

Simunanene chilankhulo cha pakhomo panu. Ana ambiri ku Mangochi kuno amakula ndi Chiyao, koma ku Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga m'Chichewa. Chiyambire maphunziro a ulere mu 1994, makalasi ndi odzaza, ndipo mwana wotere mphunzitsi samuona msanga. Musadikire kuti akuitaneni. Kakumaneni ndi aphunzitsi aakulu, mupemphe kuti kudzera kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulaimale m'dera lanu) ku TDC (likulu la aphunzitsi la m'deralo) mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi oterewa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi.

Kunyumba, mutumeni chinthu chimodzi, abwereze ndi pakamwa pake asananyamuke. Zilembo alembe ndi chala pamchenga uku akuziimba, popeza nyimbo ndiye mphamvu yake. Mphindi 10 tsiku lililonse zakwana.

Ina yaifupi yachokera kwa agogo a ku Namwera: "Mdzukulu wanga wa zaka 6 amalemba b pofuna d. Kodi ndi matenda?"

Agogo, mtima m'malo. Ana ambiri ongoyamba kulemba amatembenuza zilembo ziwirizi ndipo amasiya okha. Koma akafika Sitandade 3 zikadali choncho, kuwerenganso kukumukanika, mukaonane ndi aphunzitsi ake monga ndawauzira mayi a ku Malindi aja.