Mabala a ndewu: zimene achipatala amaona koma apolisi osazimva

Moni abale anga a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje uko. Lero tikambe za anthu amene amafika kuchipatala usiku magazi ali chuchuchu, wina wakhapidwa ndi chikwanje, wina amuswera botolo pamphumi, wina mpini wa khasu wamupeza m'mutu.

Ndewu zambiri sizifika kupolisi, koma bala limafika kwa adokotala. Dokotala wina wa mumzinda wa Cardiff ku Britain, Jonathan Shepherd, ankakhalira kusoka nkhope ndi kukonza nsagwada zothyoka, ndiye anazindikira kuti ambiri mwa ovulalawo apolisi sankawadziwa nkomwe. Anayambitsa zoti achipatala azilemba malo amene munthu wamenyedwera, nthawi yake ndi chida chake, popanda dzina, kenako azipereka kwa apolisi ndi akhonsolo. Malowo atawaika pa mapu, mapuwo anaonetsa mabala omwera mowa ndi misewu yomweyomweyo, apolisi nkumakhala pamenepo nthawi isanakwane, ndipo ovulala anachepa. Kuno kwathu chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala chikulemba kaundula wa ovulala kuyambira 2008.

Ndiye za mowa, mverani izi. South Africa italetsa kugulitsa mowa kumapeto kwa Disembala 2020 chifukwa cha Covid, pa 1 Januwale 2021 chipinda cha ovulala modetsa nkhawa pa chipatala cha Baragwanath ku Soweto chinali mbee, opanda wodwala ndi mmodzi yemwe, chinthu choti chinali chisanachitikepo pa Nyuwere. Tsono taganizirani mwezi ukatha malipiro a kunzimbe atuluka, kapena thonje lagulidwa, kachasu ali paliponse, kutentha kwathu kuja munthu wapsa mtima kale, ngongole ya dzana yakumbukika... mukudziwa nokha mmene zimathera.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Mayi afika mkono uli khoba, akuti ndagwa panjinga, bambo ali pambali pompo akumuyankhira mafunso. Fupa lothyokalo ndi la pakati pa chigongono ndi dzanja, mbali ya kachala kakang'ono, pamene ndodo imagwera munthu akamatchinga kumutu. Anamwino amadziwa ndithu, koma m'buku mulembedwa kuti ngozi ya njinga, nkhanza ija yasowa basi. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 34 mwa 100 aliwonse azaka 15 mpaka 49 anachitidwapo nkhanza zomenyedwa chikwanitsireni zaka 15. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, kupolisi kuli Victim Support Unit, chonde mayi, pemphani kuti mulankhule ndi adokotala panokha muwauze zoona.

China, bala la m'mutu musalidelere. Munthu atha kumenyedwa, kukomoka pang'ono, kudzuka nkumacheza bwinobwino pamene magazi akutayikira mkati mwa chigaza, anthu nkumati mowa uwo agone kaye, kukacha wapita. Akayamba kusanza, kusinza kosadzutsika, kubwebweta kapena mbali imodzi kufooka, thamangani naye msangamsanga, chifukwa opaleshoni ya m'mutu ndi ku Queens ku Blantyre, ndipo kuchoka ku Nsanje mpaka kukwera zitunda za Thabwa ndi mtunda, ambulansi siuluka.

Ngati wina wagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, osadikira kuti ankhoswe kapena amfumu akambe kaye mlandu.