Bon Iver sanangolira m'kanyumba: zoona zake za For Emma, Forever Ago

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili pa chimbale cha Bon Iver, For Emma, Forever Ago, ndipo ndineneretu: pali nkhani ina imene anthu amakonda kukamba za chimbalechi, ine inandikwana kalekale. Musachoke, tifikako.

Mwachangu kwa amene simukumudziwa. Nthawi imeneyo Bon Iver anali munthu mmodzi, Justin Vernon wa ku Eau Claire, ku Wisconsin m'dziko la America. Mu 2006 ali mumzinda wa Raleigh, gulu lake loimba la DeYarmond Edison linapasuka, chibwenzi chinatha, matenda nawo n'kumugwetsa. Anabwerera kwawo n'kukabindikira m'kanyumba ka ulenje ka bambo ake, pafupifupi miyezi itatu ya chisanu choopsa. Anatulukako ndi nyimbo 9. Anazitulutsa yekha mu 2007, kampani ya Jagjaguwar n'kudzazitulutsanso mu 2008. Basi, mbiri yatha.

Choyamba, valani mahedifoni. Pa sipika ya foni muphonya zambiri, monga kukhuta kwa zala pa nsambo za gitala.

Chachiwiri, apa ndiye pagona nkhani. Anthu amati chimbalechi n'choona mtima chifukwa mkuluyu anangokhala yekhayekha kutchire, mtima utasweka, n'kukhuthula misozi pa maikolofoni. Akuti sanakonze kalikonse, nyimbo zinangotuluka zokha. Abale inu, ayi! Bodza limenelo likumulanda ntchito yake yonse.

Tamvani mmene ankapekera. Ankayamba kuimba opanda mawu enieni, kungong'ung'udza maimbidwe ake. Akajambula, ankamvetsera mobwerezabwereza, n'kumafunafuna mawu oti agwirizane ndi phokoso limene pakamwa pake panatulutsa. Ndiye chifukwa chake mizere ina mukaiwerenga papepala imakhala ngati ndagi, koma mukaimva ikuimbidwa imakugwirani pakhosi. Amene amati "akungofotokoza zimene zinamuchitikira", pitani mukawerenge mawu a nyimbo ya "Flume", mudzandiuze kuti inachitika liti nkhani imeneyo.

Ndiye mawu aja okwera, oonda, omveka ngati kwaya yonse ya m'tchalitchi? Pafupifupi onse ndi ake. Ankajambula mzere umodzi, n'kusanjikizapo wina, wina, winanso, pa kompyuta yakale. Munthu amene akungolira sachita zimenezo. Pamafunika khutu ndi kuleza mtima. Mu nyimbo ya "The Wolves (Act I and II)" mulinso Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta yowongola mawu a woimba. Eya, mwamva bwino, Auto-Tune yomwe ija ena a inu mumainyoza m'makomenti kuti ndi ya anthu osatha kuimba. Sanagwirenso yekha ntchito yonse: amene anaimba malipenga a mu nyimbo ya "For Emma" ndi anthu ena, ndipo malipengawo anawonjezeredwa iye atachokako kukanyumbako. Bambo akenso ankamuyendera.

Kodi ndiye kuti ululuwo unali wonamizira? Ayi ndithu. Ndikungoti ululu aliyense ali nawo, koma kuti ufike m'khutu mwa munthu wosamudziwa, wina anakhala pansi n'kusankha chosiya ndi chochotsa. Ine ndimamulemekezera pamenepo.

Mwa njira, ngati mwafika pano musanadine subscribe, dinani tsopano, ndi kabelu komwe. Sizilipiritsa.

Chachitatu, "Skinny Love". Ambiri munaidziwira kwa Birdy, woimba wamkazi wa ku England, amene anaiimbanso pa piyano mu 2011. Yake ndi yosalala bwino, sindikutsutsa. Koma tamverani ya mwiniwake pamene akufika pa kolasi: mawu oonda aja amawasiya, n'kuyamba kukalipa, pakhosi pochita kukanda. Akudzudzula mnzakeyo, koma mukamvetsetsa muona kuti naye sakutulukamo woyera. Oimba ambiri akamaimba za kutha kwa chibwenzi amadziyeretsa okha, uyu ayi.

Chachinayi, musalumphe nyimbo yomaliza, "re: Stacks". Akunena za kuluza pa juga ya makadi, mofatsa, opanda ng'oma.

Chachisanu... ndinalemba chachisanu, koma nthawi yatithera. Ndiuzeni m'makomenti: pakati pa "Skinny Love" ndi "re: Stacks", inu mwaima pati? Sabata yamawa tiona mmene nyimbo ina ya Bon Iver, "Woods", inakathera m'manja mwa woimba Kanye West mu 2010. Vidiyo ya mmene amasanjikizira mawu pojambula ili apa pakona, idineni.