Mwana akakuululirani kuti wachitidwa nkhanza

Moni kwa nonse amene mukumvera, makamaka inu amayi amene mumalera ana m'makireshi (sukulu za mkaka) a ku Mbare, Mufakose, Epworth, Mabvuku ndi Dzivarasekwa kuno ku Zimbabwe, aphunzitsi a ECD (makalasi a ana aang'ono), ndi makolo amene muli m'makomiti oona za chitukuko cha sukulu (SDC). Lero tikambirane zoyenera kuchita mwana akangokuuzani kuti munthu wina wamugwira malo obisika, wamumenya kapena wamugwiririra, chifukwa milandu yambiri ya ana imawonongeka tsiku loyamba lomwelo, m'manja mwa akuluakulu amene anali ndi mtima wofuna kuthandiza.

Mwana akayamba kulankhula, khalani pansi kuti mufanane naye msinkhu ndipo mumvetsere modekha. Musakuwe, musagwire kukamwa, chifukwa mwana akaona nkhope yanu yasintha amaganiza kuti walakwa ndi iyeyo, ndipo amabweza mawu. Muuzeni kuti wachita bwino kukuuzani ndiponso kuti palibe chimene walakwa. Musamuike mawu m'kamwa pomufunsa kuti kodi ndi amalume ake kapena dalaivala wa kombi amene amabwera naye kusukulu; ingomufunsani kuti chinachitika n'chiyani, kenako mumusiye afotokoze yekha mpaka pamene akufuna kulekezera. Musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, popeza mudzayenera kuuza anthu amene angamuteteze. Akangomaliza, lembani mawu ake monga momwe wawanenera, kaya m'Chishona kaya m'Chichewa, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake.

Ngati mwanayo wagwiriridwa, kuchipatala ndiko koyamba. Mankhwala a PEP, amene amateteza ku kachilombo ka HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo akayambidwa msanga m'pamene amagwira bwino ntchito. Musamusambitse mwanayo, ngakhale mtima wa kholo umafuna kutero, ndipo zovala zimene anavala musazichape koma muzikulunge m'pepala loyera, osati m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa pa zovalazo pamakhala umboni. Pitani naye ku kiliniki imene muli nayo pafupi, kapena ku Family Support Trust, kiliniki yothandiza ana ochitidwa nkhanza, pa chipatala cha Sally Mugabe ku Harare, chimene ambirife timachitchabe Gomo. Imbaninso 116, nambala ya bungwe lothandiza ana la Childline, imene ndi yaulere usana ndi usiku, ndipo mukanene ku polisi, kumene muyenera kufunsa ofesi ya Victim Friendly Unit, yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, osati kufotokoza nkhani yonse pakauntala pamaso pa anthu.

Tsopano ndifike pamene ife timakonda kupunthwa. Mwa chizolowezi chathu, nkhani yotere ikabuka timaitana akuluakulu a banja, a mpingo kapena a mzikiti, n'kukhala pansi kuti tiikambe m'nyumba, wolakwayo apepese, alipire kangachepe, mbiri ya banja isaipe. Zimenezi si chilungamo kwa mwana, chifukwa mawa lake amakumananso ndi munthu yemweyo pakhomo kapena m'kalasi, ndipo amaphunzirapo kuti akuluakulu onse ali mbali ya womuzunzayo. Ena amafika pomukwatitsa mtsikana kwa mwamuna amene wamupatsa mimba. Dziwani kuti mu 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linaletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira 2024 lamulo la milandu limanena kuti munthu wamkulu wogonana ndi mwana wosakwana zaka 18 wapalamula, ngakhale mwanayo atanena kuti anavomera. Mtsikana woyembekezerayo sayeneranso kuchotsedwa sukulu, malinga ndi lamulo la maphunziro limene linasinthidwa mu 2020, lomwenso linaletsa kukwapula ana pasukulu.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique muli mantha opita ku polisi chifukwa cha zitupa. Agogo alibe chitupa, mayi alibe, mwananso alibe satifiketi yobadwira, choncho anthu amasankha kukhala chete. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 likunena za mwana aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kusowa pepala sikumuchotsera ufulu wotetezedwa ku nkhanza. Ngati mukuopa kupita nokha, yambani mwaimba 116 kuti akulangizeni, kapena pemphani ogwira ntchito ku Department of Social Development, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kuti akuthandizeni.

Kwa inu eni makireshi ndi aphunzitsi aakulu, ngati amene watchulidwa ndi wantchito wanu, kaya mphunzitsi, mlonda kapena wophika, muchotseni pafupi ndi ana tsiku lomwelo, ndipo musamuyang'anitse ndi mwanayo kuti atsutsane. Kufufuza si ntchito yanu. Musalembe dzina la mwana kapena kutumiza chithunzi chake pa gulu la WhatsApp la makolo. Fayilo ya nkhaniyo muitsekere, ndipo ioneke kwa okhawo amene akuyendetsa mlanduwo. Mwanayo akabwerera m'kalasi, asankhe yekha mphunzitsi mmodzi amene angathamangireko akachita mantha, ndipo muuze mlonda wa pachipata mayina a anthu okhawo amene aloledwa kudzamutenga poweruka.