Mkuyu, mtengo wobisa maluwa ake

Munaonapo duwa la mkuyu? Taganizani kaye bwinobwino. Mango amachita maluwa aliyense akuona, malalanje amanunkhira muli patali, koma mkuyu mumangodzidzimuka nkhuyu zili mbwee m'nthambi, duwa osalionako. Anthu a ku China anafika popatsa nkhuyu dzina lotanthauza kuti chipatso chopanda duwa. Chikhalirecho maluwa alipo, ndipo ndi ambirimbiri. Kungoti mtengowu unawatsekera m'kati.

[Chithunzi: nkhuyu yosapsa yodulidwa pakati]

Taonani apa. Chimene timachitcha chipatsochi kwenikweni ndi kathumba, ndipo khoma lake la m'kati ladzaza ndi timaluwa ting'onoting'ono, mazanamazana. Kumapeto kwake kuli kabowo kopanikizika, kotsekedwa ndi timamba tosanjikizana. Khomo ndi lomwelo basi. Mtengo uliwonse wobereka kathumba kotereka akatswiri a zomera amauika m'gulu limodzi lotchedwa Ficus, dzina limene Carl Linnaeus analilemba m'chaka cha 1753. Mkuyu ndi kachere ali momwemo, ndipo gulu lonse lili ndi mitundu pafupifupi 850.

Mukaiona patali simungavomere kuti ndi yapachibale. Ina ndi mitengo italiitali yopitirira nkhalango yonse, ina ndi zitsamba zofika m'chiuno zomera pamiyala ya mumtsinje, ina imayanga pakhoma ngati chilambe. Ilipo yobereka pathunthu penipeni, ndipo ku Borneo kuli ina imene imatulutsa nthambi zokwawa pansi n'kuberekera nkhuyu m'dothi. Chimene zimafanana, kupatula kathumba kaja, ndi utomoni, nthawi zambiri woyera ngati mkaka, umene umatuluka mukathyola tsamba.

Tsono funso ndi ili: maluwa akakhala otsekeredwa, mungu umafikako bwanji? Njuchi siingalowe, mphepo siingalowe. Amene amalowa ndi timavu tating'ono, totalika mamilimita awiri okha kapena kucheperapo, ndipo nkhani yonse ya mkuyu yagona pa timavu timeneti.

[Chithunzi: kamavu kakakazi pakabowo ka nkhuyu]

Nkhuyu ikakhala yokonzeka imatulutsa fungo. Kamavu kakakazi, katanyamula mungu wa mu nkhuyu imene kanabadwiramo, kamalondola fungolo n'kuyamba kudzipanikiza pakabowo paja. Njirayo ndi yothina kwambiri moti mapiko amathothoka, tinyanga n'kuduka. Kakalowa kalowa, sikadzaulukanso. M'katimo kamayenda pa timaluwa, kwinaku kakupaka mungu, kwinaku kakuikira mazira. Duwa lokhala ndi khosi lalifupi, kamafikira pansi pake n'kuikamo dzira, ndipo m'menemo mumakula mwana wa mavu. Duwa la khosi lalitali kawirikawiri limangolandira mungu n'kupanga njere. Ntchito ikatha, mayiyo amafera momwemo.

Pakapita masabata angapo, oyamba kutuluka ndi amuna. Amenewa alibe mapiko, ena maso ake ndi osaona bwino, ndipo ambiri sadzaliona dzuwa moyo wawo wonse. Ntchito yawo ndi iwiri: kukwera akazi amene akadali m'tizipinda tawo, kenako kuboola khoma la nkhuyu kuti akaziwo apeze potulukira. Akatero amafa. Akazi aja amatenga mungu pa maluwa aamuna amene tsopano akhwima. Mitundu ina ili ndi timatumba pachifuwa, ndipo imatola mungu ndi miyendo yakutsogolo n'kulongedzamo mwadala, ngati munthu wokonzekera ulendo. Ine mbali imeneyi imandigwira mtima nthawi zonse, chifukwa tizilombo tambiri timanyamula mungu mwangozi, pamene aka kamachita kuusunga kuti kakauthire kumene kakupita.

Timavu tikachoka m'pamene nkhuyu imafewa, kusintha mtundu ndi kuyamba kutsekemera. Mtengo umayamba wadikira kuti alendo ake atuluke, kenako n'kuitana mbalame.

Pali mitundu ina ya mikuyu, pafupifupi theka la gulu lonseli, imene inagawa ntchito. Mtengo wina umalera mavu n'kupereka mungu, wina umangobereka njere. Kamavu kakalowa mu nkhuyu ya mtengo wachiwiriwu kamapeza maluwa onse ali ndi makosi aatali, kamalephera kuikira ngakhale dzira limodzi, n'kufa katasiya mungu wokha. Kunja fungo limakhala lofanana, ndiye sikadziwa kuti kasochera. Mwachilengedwe mitundu yotereyi imapezeka ku Asia, Africa ndi Australia, koma ku America kulibe.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kunyansidwa kuti kani timadya mavu. Mitundu yambiri ya nkhuyu zolimidwa, monga Brown Turkey ndi Mission, imapsa popanda mungu, choncho mavu salowamo n'komwe. Mu zimene amalowamo, thupi la kachilombo kamodzi kapena tiwiri limasungunuka nkhuyu isanapse. Zokhukhuta m'kamwa zija ndi njere.

[Chithunzi: mapu a dziko lonse, chigawo chotentha chitapakidwa utoto]

Tiyeni tione mapu tsopano. Mitundu yoposa 500 ili kuchokera ku India, kudutsa kumwera chakum'mawa kwa Asia, mpaka ku New Guinea ndi Australia. Chilumba cha Borneo chokha chili ndi yoposa 150. Africa pamodzi ndi Madagascar ali ndi yopitirira pang'ono 100, ndipo America ali ndi pafupifupi 130. Mukangochoka m'chigawo chotentha, chiwerengero chimatsika msanga. Chimachititsa si kuzizira kopha mtengo kokha. Kamavu kakatuluka kamakhala ndi moyo tsiku limodzi kapena awiri, ndipo m'masiku amenewo kayenera kupeza nkhuyu yosapsa ya mtundu wake womwewo, popeza mitundu yambiri ili ndi mavu akeake. Ndiye kuti chaka chonse payenera kukhala mtengo wina, penapake, umene uli wokonzeka. Mikuyu ya dera limodzi siibereka nthawi imodzi: uwu lero, uwo mwezi wamawa, winawo m'chilimwe. Kumalo kumene chisanu chimaimitsa chilichonse kwa miyezi ingapo, unyolo umenewu umaduka mosavuta. Mkuyu wa ku Mediterranean, Ficus carica, unapeza njira yake: mavu amagonera nyengo yozizira m'kati mwa nkhuyu zimene zimatsala pamtengo wolera uja.

Kusabereka pamodzi kumeneku kumapulumutsa nyama zambiri. Mitengo ina ikakhala yopanda kanthu, mkuyu wina umakhala uli ndi chakudya. Ofufuza anawerenga mitundu yoposa 1,200 ya mbalame ndi nyama zoyamwitsa imene imadya nkhuyu: mileme, anyani, njiwa, agologolo, ngakhale njovu. Zonsezi zimakamwaza njere kutali. Phiri la Krakatau ku Indonesia litaphulika m'chaka cha 1883 n'kupha zamoyo pazilumba zake, mikuyu inali m'gulu la mitengo imene inabwerera ndi mbalame ndi mileme, ndipo itayamba kubereka inakopa zinanso zobwera ndi njere za mitengo ina.

Kachere ndiye wadyera kwambiri pa mbalamezi. Njere imagwera pamphanda ya mtengo wina, kumwamba kumene kuli dzuwa, n'kumera pomwepo. Mizu imatsika pang'onopang'ono mpaka kugwira dothi, kenako imanenepa, kulumikizana, n'kukulunga mtengo uja ngati ukonde. Mwini malo amasowa kuwala ndi pokulira, amauma, amaola, ndipo pamatsala kachere wa mphako pakati. Wachibale wake wa ku India, Ficus benghalensis, amatsitsa mizu kuchokera m'nthambi n'kuisandutsa mizati. Ku Howrah, pafupi ndi Kolkata, kuli wina amene thunthu lake loyamba linachotsedwa m'chaka cha 1925 litadwala, koma mtengowo ulipobe, waima pa mizati masauzande, ndipo mukauona mungati ndi nkhalango. Anthu a mtundu wa Khasi ku Meghalaya, ku India komweko, amalondolera mizu ya Ficus elastica kuwoloka mitsinje mpaka ikhale milatho yamoyo.

Umboni woti mapu a mikuyu amalembedwa ndi mavu unaoneka bwino anthu atayamba kusamutsa mitengoyi. Cha m'ma 1880 alimi a ku California anabzala nkhuyu za Smyrna zochokera ku Turkey. Mitengo inakula bwino, koma zipatso zinkangoyoyoka zisanapse, chaka ndi chaka. Zinatheka m'chaka cha 1899, pamene nkhuyu zokhala ndi mavu a Blastophaga psenes zinabweretsedwa kuchokera ku Algeria. Ku Florida zinachitika mosiyana. Mikuyu yokongoletsa misewu inakhala zaka zambiri osabereka njere zomera, koma mavu ake atafika, timitengo tinayamba kumera m'makoma ndi pamitengo ina, ndipo lero Ficus microcarpa amawerengedwa ngati chomera chovutitsa kumeneko.

Mwina mukuganiza kuti kachilombo ka masiku awiri sikangapite patali. Kamakwera pamwamba pa mitengo n'kudzipereka ku mphepo. M'chipululu cha Namib, m'mbali mwa mtsinje wa Ugab ku Namibia, mikuyu ya Ficus sycomorus imamera motalikirana, mumzere umodzi wotsata mtsinje. Ofufuza anayeza njere zake kuti adziwe mtengo umene unapereka mungu, ndipo anapeza kuti wina unali pamtunda wa makilomita pafupifupi 160. Mavu a mtengowu amauluka usiku, ndipo mungu unkayenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kutsata mphepo ya usiku ya m'chigwacho. New Zealand analibe mkuyu wakewake, ndipo imene inabzalidwa kuchokera ku Australia inkakhala yopanda njere, kufikira mavu ake atapezeka kumeneko, kutsidya kwa nyanja ya Tasman yotambalala makilomita pafupifupi 2,000. Tsopano mikuyu ija yayamba kumera yokha.